"Tsikani nonse": rodibuloko, mantha ndi ufulu wa munthu wa paulendo



Amene mudakwerapo minibasi kuchokera ku Mangochi kubwera kuno ku Mulanje mukuudziwa ulendowu: Liwonde, Zomba, Limbe, kenaka kusintha galimoto nkulowera njira ya ku Thyolo ndi Luchenza mpaka minda ya tiyi iyambe kuoneka m'munsi mwa phiri. Ine ndimauyenda kawirikawiri, chifukwa ntchito yanga ya uphunzitsi ili kuno kufupi ndi Mulanje Mission pomwe mayi anga ali kunyanja.

Tsiku lina pobwerera, pa rodibuloko ina imene sinditchula dzina, adatiimitsa nkutiuza kuti titsike tonse, aliyense ndi katundu wake. Mudali mayi wina wovala hijabu, atanyamula dengu la usipa ndi kachikwama. Wapolisi wamwamuna adatsegula kachikwamako nkuyamba kutulutsa zovala chimodzichimodzi, ngakhale zamkati zomwe, pamaso pa anthu tonse. Mayiyo adangophimba nkhope ndi nsonga ya mpango. Kenaka adafika pa mnyamata wina wa ndevu, wovala kanzu ndi chisoti, yemwe m'jumbo mwake mudali timabuku ta ku madrasa. Adamufunsa kuti zolembedwa m'Chiarabuzo zikunena chiyani, akuchokera kuti, ndipo adamulamula kuti atsegule foni. Mnyamatayo adafunsa mwaulemu ndithu: "Bwana, ndalakwa chiyani?" Yankho silidachokere kwa wapolisi. Lidachokera kwa ife okwera: "Achimwene, ingoperekani foniyo tizipita, kukuda!" Adaipereka. Adawerenga mauthenga ake a pa WhatsApp, sadapeze kanthu, ndipo tidanyamuka.

Ine sindidayankhule kalikonse. Ndidaima pamenepo ndi chikwama changa m'manja, munthu amene m'kalasi ndimaphunzitsa ana za ufulu wachibadwidwe ndipo pa Jumu'ah ndimalalikira za ulemu wa mkazi. Chimene chandipangitsa kulemba nkhani ino ndi kukhala chete kwangako.

Ndiyambe ndi kunena chilungamo cha mbali inayo. Zipata za apolisi pamsewu sizidaikidwe mwa masewera. M'misewu yathu mumadutsa chamba, mankhwala obedwa m'zipatala za boma, makala ootchedwa m'nkhalango zotetezedwa, ngakhalenso anthu ozembetsedwa ngati katundu. Mu Okutobala 2022 mitembo pafupifupi 30 ya anthu amene akuganiziridwa kuti adali nzika za ku Ethiopia idapezeka itakwiriridwa m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba. Anthu amenewo adafika kumeneko pa galimoto, podutsa pamsewu. Tikukumbukiranso zaka zimene abale athu achialubino ankabedwa ndi kuphedwa. Kuno ku Mulanje chipata cha Muloza chili pafupi, kutsidya kwake ndi Milange m'dziko la Mozambique, ndipo njira zachidule zodutsira malire ndi zambiri. Wapolisi amene waima padzuwa pa Zalewa kapena pa mlatho wa ku Liwonde akugwira ntchito yofunika, ndipo chipembedzo chathu chimaika mlonda amene sagona pofuna kuti ena agone pamalo a ulemu waukulu. Funso langa lagona pa malire: mphamvu ya woimitsa galimoto imathera pati, ndipo amene waimitsidwayo watsala ndi chiyani?

Zimene malamulo aakulu a dziko amanena

Ambiri a ife timaganiza kuti ukangokwera minibasi ufulu wako umautsikira pa siteji. Si choncho. Malamulo aakulu a dziko lino, amene adayamba kugwira ntchito mu 1994, ali ndi ndime zingapo zimene wapaulendo aliyense amayenda nazo.

Ndime 39 imapatsa munthu aliyense ufulu woyenda ndi kukhala paliponse m'Malawi muno. Myao wa ku Makanjira safunika kufotokoza kwa aliyense chifukwa chimene akupitira ku Mulanje, monganso Mlomwe wa ku Phalombe safunika chilolezo kuti akagule nsomba ku Monkey Bay. Ndime 21 imateteza zinsinsi za munthu, ndipo imatchula mwachindunji zinthu zitatu: kusechedwa m'thupi, m'nyumba kapena m'katundu; kulandidwa zinthu zako; ndi kusokonezedwa pa mauthenga ako, kuphatikizapo makalata ndi a pa lamya. Foni ya mnyamata uja ikulowa pamenepa. Ndime 19 imati ulemu wa munthu suphwanyidwa, ndime 20 imaletsa tsankho lotengera mtundu, chiyankhulo, chipembedzo ndi zina, pomwe ndime 33 imateteza ufulu wa chipembedzo.

Ufulu umenewu uli ndi malire, ndipo ndime 44 ndiyo imafotokoza momwe malirewo angaikidwire. Payenera kukhala lamulo lolembedwa lolola zimenezo, malirewo akhale omveka, ogwirizana ndi mfundo za ufulu wa anthu zimene maiko amavomereza, komanso akhale ofunikiradi m'dziko la demokalase. Choncho apolisi ali ndi mphamvu yoimitsa galimoto ndi yochita chipikisheni. Lamulo la apolisi la 2010, pa ndime 35, lidawalola kusecha ngakhale popanda chikalata cha khoti, ndipo ndime imeneyi idadzetsa mtsutso waukulu nthawi imeneyo. Komabe ngakhale pamenepo pamafunika chifukwa chomveka choganizira kuti pali mlandu, ndipo chifukwacho chilembedwe. Ndevu si chifukwa. Kanzu si chifukwa. Buku la zilembo za Chiarabu limene mwana wa zaka zisanu amawerenga ku madrasa si chifukwa.

Pa nkhani ya amayi, lamulo loyendetsera milandu ya upandu limanena poyera kuti mkazi akafunika kusechedwa m'thupi, womusechayo akhale mkazi mnzake ndipo achite mosunga ulemu. Amayi athu ogulitsa nsomba, amene amagona m'malole kuti akafike ku Limbe m'bandakucha, ayenera kulidziwa lamulo limeneli ngati momwe amadziwira mtengo wa chigoba cha usipa.

Tidaziona kale

Ana a sukulu ndikawauza kuti kudali nthawi imene munthu sankakwera basi popanda khadi la chipani, amaseka ngati ndikuwauza nthano. Ine ndidali mwana koma ndikukumbukira. M'nthawi ya chipani chimodzi, ayufi ndi apayoniya ankaima pa zipata za misika ndi pokwerera mabasi kufunsa makhadi a MCP. Wopanda khadi ankabwezedwa kapena kukakamizidwa kugula pompo. Lamulo la kavalidwe la 1973 lidaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo amuna a tsitsi lalitali, ngakhale alendo ofika pa bwalo la ndege, ankametedwa. A Mboni za Yehova, amene ankakana kugula khadi, mpingo wawo udaletsedwa mu 1967 ndipo zikwizikwi adathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Sitigwirizana nawo pa chikhulupiriro, koma zimene zidawaonekera zikutiphunzitsa kuti chipata choikidwa m'dzina la bata chimatha kusanduka sefa yosefera anthu a chipembedzo chimodzi.

Zonsezi zinkachitika m'dzina la mtendere ndi chitetezo cha dziko. Zidatha pamene Amalawi adavotera zipani zambiri pa 14 Juni 1993, ndipo mu Disembala chaka chomwecho asilikali adalanda zida apayoniya pa Operation Bwezani. Ndime zimene ndatchula pamwambazi zidalembedwa ndi anthu amene zipsera za nthawi imeneyo zidali zisanapole.

Koma phunziro lowawa kwambiri kwa ife a kuno ku Mulanje ndi la 2017, chifukwa oimitsa magalimoto nthawi imeneyo sadali a boma. Tidali ife eni ake. Cha pakati pa Seputembala mphekesera ya anamapopa idabuka m'boma lino, nkufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu, mpaka kukafika mu mzinda wa Blantyre mu Okutobala. Anyamata m'midzi adayamba kutseka misewu ndi miyala ndi mitengo, kuimitsa magalimoto ndi njinga, kusecha zikwama kufunafuna zipangizo zopopera magazi. Mlendo aliyense adali woganiziridwa. Wonyamula chikwama chachilendo, wosadziwa dzina la mfumu ya m'deralo, woyankhula mosamveka chifukwa cha matenda, onsewa moyo wawo udali pa chiswe. Ma ambulansi adagendedwa, ndipo azaumoyo adayamba kuopa kupita kumidzi. Anthu osachepera 8 adaphedwa, bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe, boma lidaletsa kuyenda usiku m'madera ena, ndipo apolisi adamanga anthu oposa 100. Namapopa ngakhale mmodzi sadapezeke.

Taonani bwino zimene zidachitika pamenepa. Anyamata aja sankadziona ngati zigawenga. Ankadziona ngati alonda a mudzi, oteteza amayi awo ndi alongo awo. Mantha adawapatsa chilolezo choimitsa aliyense, kuimitsako kudabala kusecha, kusechako kudabala kufunsa mafunso amene yankho lililonse linkaoneka ngati umboni, ndipo mapeto ake adali maliro. Anthu amene ankadwala usiku m'masabata amenewo ankalingalira kawiri asanauyambe ulendo wa ku chipatala cha mishoni kapena cha ku boma. Chitetezo chimene chidafuna kupulumutsa magazi a anthu ndicho chidawakhetsa.

Vakabu ndi makhoti

Pali nkhani ziwiri za kukhoti zimene ndikufuna kuti banja lililonse lizidziwe, chifukwa zikuonetsa kuti munthu wamba akhoza kufunsa funso la mnyamata uja nkuyankhidwa.

Mu Malichi 2015 apolisi ku Blantyre adagwira Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, akuyenda m'bandakucha kupita ku malonda ake ku Limbe. Mlandu wake udali uja timautcha vakabu, ndime 184(1)(c) ya malamulo a zilango, imene inkalola kumanga munthu wopezeka pamsewu pa nthawi ndi m'njira yoti wapolisi waganiza kuti ali ndi cholinga choipa. Lamuloli tidalilandira kwa atsamunda, ndipo muzu wake ndi lamulo la ku England la 1824. Gwanda adakana kungovomera mlandu nkulipira faindi monga ambiri ankachitira. Pa 10 Januwale 2017 majaji atatu a bwalo lalikulu adagamula kuti ndimeyo ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko.

Nkhani yachiwiri idachokera ku Kasungu, kumene mu Malichi 2018 apolisi adasesa anthu usiku pa zimene amazitcha "sweeping exercise", kugwira aliyense wopezeka pamalopo osamuuza chimene walakwa. Atatu mwa iwo adakadandaula, ndipo mu 2022 bwalo lalikulu ku Zomba, pamaso pa Jaji Zione Ntaba, lidagamula kuti kumanga anthu mwa chisawawa chotere nkosemphana ndi malamulo. Mfundo yake ndi yomweyi: wapolisi ayenera kukhala ndi chifukwa chokhudza munthu ameneyo payekha. Kupezeka pamalo, kapena kufanana ndi gulu limene likuganiziridwa, sikokwanira.

Pamene woganiziridwa ndi Msilamu

Sindikufuna kukokomeza. Malawi ndi dziko limene Msilamu amaswali momasuka, ndipo lidalamulidwapo ndi Msilamu kwa zaka khumi. Apolisi ambiri amene ndimakumana nawo amandipatsa ulemu, ena amandiitana "a Shehe" asanaone nkomwe chiphaso. Koma pali mbiri imene imatichititsa kukhala tcheru.

Mu Juni 2003, m'nthawi ya pulezidenti wa Chisilamu yemweyo, amuna asanu akunja okhala ku Blantyre adagwidwa powaganizira kuti akuthandiza al-Qaeda. Bwalo lalikulu lidaletsa kuwatulutsa m'dziko, koma adatulutsidwabe nkuperekedwa m'manja mwa akuluakulu a ku America. Patatha pafupifupi mwezi adamasulidwa ku Sudan opanda mlandu. Ku Mangochi achinyamata athu adayankha ndi zipolowe, nkuononga matchalitchi a anthu amene sadalakwe kanthu, ndipo pamenepo ifenso tidachita tchimo lomwelo limene tinkadandaula: kulanga gulu chifukwa cha maganizo chabe. Kuchokera mu Okutobala 2017, pamene zigawenga zidaukira tauni ya Mocímboa da Praia ku Cabo Delgado, nkhani za kumpoto kwa Mozambique zawonjezera mantha. Mantha amenewo ndi omveka, pakuti zigawengazo zapha anthu ambiri, Asilamu ndi Akhristu omwe. Koma katundu wa manthawo asasenzetsedwe mnyamata wa ku Namwera chifukwa choti wasunga ndevu.

Maiko olemera adayesa njira imeneyi ndipo zotsatira zake zilipo. Pa 7 Julayi 2005 mabomba adapha anthu 52 m'sitima zapansi ndi mu basi mu mzinda wa London. Pa 22 Julayi apolisi adatsatira mnyamata wina mpaka m'sitima pa siteshoni ya Stockwell nkumuombera m'mutu. Dzina lake adali Jean Charles de Menezes, wa zaka 27, wa ku Brazil, wokonza zamagetsi, akupita kuntchito. Sadali chigawenga ndipo sadali Msilamu nkomwe. Adangomufanizira ndi munthu wina. M'dziko lomwelo ndime 44 ya lamulo lolimbana ndi uchigawenga la 2000 inkalola apolisi kuimitsa ndi kusecha munthu popanda chifukwa chilichonse. M'chaka cha 2009 mpaka 2010 adaigwiritsa ntchito koposa ka 100,000, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene adamangidwa pa mlandu wa uchigawenga kudzera m'kusechako. Mu Januwale 2010 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu lidagamula kuti ndimeyo ikuphwanya ufulu wa zinsinsi za munthu.

Apa mpamene pagona chinthu chimene okonda kunena kuti "walira mvula walira matope" sachiona. Kusecha aliyense sikuwonjezera chitetezo. Wapolisi amene watha theka la ola akuvundukula zovala za mayi wa usipa, theka la ola limenelo sadayang'ane lole imene yadutsa itakutidwa ndi tenti. Ndipo pamene kuimitsa kwachuluka popanda chifukwa, pamabadwa msika: dalaivala amadziwa kuti akatumiza kondakitala kumbuyo kwa galimoto ndi "ya fanta" m'manja, ulendo upitirira. Wozembetsa chamba ali nayo ndalama imeneyo. Amene alibe ndi wosauka, ndipo ndiye amatsala pamsewu.

Mawu a Deen yathu

Allah (Subhaanahu wa Ta'ala), mu Surah Al-Hujurat ndime 12, adatiletsa zinthu zitatu motsatizana: kuchulutsa kuganizirana zoipa, kufufuzana zobisika, ndi kujedana. Ma ulama amati kutsatizanako kuli ndi tanthauzo, pakuti dhana yoipa ndiyo imabala tajassus, ndipo zimene wafufuzazo umakathera kuziulutsa. Mu Surah An-Nur ndime 27 tidaletsedwa kulowa m'nyumba za eni tisanapemphe chilolezo ndi kupereka salamu. Mu fiqh muli lamulo lodziwika lakuti chiyambi cha munthu ndi kupanda mlandu, ndipo umboni ndi udindo wa amene akumunenera. Chikwama cha wapaulendo ndi foni yake ndi kanyumba kake ka panjira.

Pali nkhani imene mabuku a mbiri amaifotokoza yokhudza Khalifa Umar ibn al-Khattab (radhiya Allahu anhu). Akulondera usiku ku Madina, adamva phokoso m'nyumba ina, adakwera mpanda nkupeza munthu akumwa mowa. Munthuyo adavomera kulakwa kwake kumodzi, koma adamuwerengera Khalifa zolakwa zitatu: wafufuza zobisika, walowa posadzera pakhomo, ndipo walowa popanda chilolezo. Umar adamusiya. Akatswiri ena a hadith amakayikira unyolo wa nkhaniyi, choncho sindikuimanga ngati umboni wa lamulo, koma kutchuka kwake kukuonetsa momwe Asilamu akale ankaonera nkhaniyi: mtsogoleri nayenso ali pansi pa malamulo, ngakhale pamene wagwiradi wolakwa.

Deen yomweyo imatilamula kumvera atsogoleri pa zabwino ndi kusayambitsa chisokonezo. Choncho sindikuphunzitsa aliyense kulimbana ndi wapolisi pamsewu. Imatiletsanso rishwa, ndipo Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) adatemberera wopereka ndi wolandira yemwe. Izi zikutikhudza ife okwera, amene timakuwiza kondakitala kuti "apatseni kangachepe tizipita."

Nanga tichite bwanji tikaimitsidwa? Tsikani mukauzidwa kutero, perekani moni, ndipo manja anu aoneke. Yendani ndi chiphaso cha unzika, chifukwa chimafupikitsa mafunso, makamaka kuno kufupi ndi malire kumene chiyankhulo chimodzi chimayankhulidwa mbali zonse ziwiri. Akafuna kusecha chikwama, pemphani kuti mutsegule nokha ndipo mukhalepo mpaka amalize. Mayi anene modekha kuti, "Bwana, ndikupempha kuti andiseche wapolisi wamkazi, komanso poduka mphepo." Akafuna foni, funsani mwaulemu mlandu umene akukuganizirani. Akaumirira, musalimbane nawo. Sungani m'mutu malo, tsiku, nthawi, dzina kapena nambala ya pa yunifolomu, ndipo tengani nambala za anthu awiri amene aona. Akakulandani chinthu, pemphani kuti chilembedwe.

Ngati akumangani, ndime 42 imati muuzidwe chifukwa m'chiyankhulo chimene mukumva, muli ndi ufulu wokhala chete ndi woonana ndi loya, ndipo mukaonekere kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khoti likugwira ntchito ngati maolawo athera pa nthawi yoti khoti ndi lotseka. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Musavomere mlandu umene simudapalamule pongofuna kutuluka msanga, pakuti umalembedwa m'mbiri yanu ndipo udzakutsatani pofuna ntchito. Madandaulo mukhoza kukatula kwa mkulu wa polisi ya m'deralo, ku Independent Complaints Commission imene lamulo la 2010 lidakhazikitsa kuti izifufuza apolisi, ku Malawi Human Rights Commission, kapena ku Legal Aid Bureau ngati mukufuna loya wosalipira. Nkhani ya ziphuphu ndi ya ku Anti-Corruption Bureau.

Ndipo kwa ife okhala pamipando ina m'minibasimo, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mnyamata uja tidakatsikira limodzi mu Limbe. Ndidamuitana nkumupepesa kuti sindidamuyankhulireko. Adaseka pang'ono nkundiuza kuti aka kadali kachitatu chaka chimenecho, ndipo tsopano akamayenda ulendo wautali chisoti amachiika m'thumba mpaka akafike.